Sitima ya a Sichali

Kuno ku Chitipa kulibe njanji, koma pakhomo pa a Jameson Sichali inalipo. Inkazungulira khonde lonse, kudutsa kunsi kwa benchi n'kukatulukira pafupi ndi khola la nkhuku. Ine ndine mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ndipo nyumba yanga yalendi inayang'anizana ndi yawo.

Ali mnyamata, a Sichali ankagulitsa nthochi pa siteshoni ya Tunduma. Anzawo anabwerako ndi mpamba wa geni, iwo anabwerako ndi sitima m'mutu. Injini yawo anaipanga ndi malata ndi zitini, n'kuwotcherera ndi mtovu, ndipo inkayenda ndi kamota ka wailesi yakale ya makaseti.

Mukafuna kuwaputa, munkangowaonetsa kasitima ka m'sitolo. Tsiku lina ndinawapatsa kapulasitiki kamene ndinagula ku Mzuzu. Anakagwira ngati nsomba yowola.

"Aphunzitsi, anakuberani chomene. Injini ya dizilo ili ndi chumuni cha malasha? Mawilo alibe mlomo wogwira njanji. Ndipo pamawindo angojambulapo nkhope! Sitima yopanda anthu si sitima yayi."

Yawo inali ndi anthu, tianthu tosema ndi mpeni, kalikonse kofanana ndi munthu wa m'mudzi. Munali mayi Towera ndi beseni lawo la tomato, munali Anock wa kabaza ndi chipewa chake chofiira. Anthu ankachita kupempha kuti awasemeko, n'kumaseka mpaka misozi.

Kenako Anock anamwalira. Anangodandaula mutu, sabata isanathe tinali kumanda. Pamaliro pomwepo wina anakumbukira kuti masiku omwewo ka Anock kosema kaja kanagwa kuchoka m'bogi sitima ikukhota. Nkhani inayenda ngati moto wa m'tchire. Moni anatha. Amayi odutsa pakhomopo ankakokera ana awo tsidya lina la msewu.

Ndinachita mantha, sindinama. Tonse timadziwa zimene zimatsatira nkhalamba ikalozedwa chala cha ufiti: nyumba imapsa, nthawi zina ndi mwini wake yemwe. A Sichali anaonda. Akazi awo, a Mercy, anasiya kupita kumjigo.

Tsiku lina anthu anabwera kwa a Sichali masana dzuwa likuswa mtengo. Patsogolo panali Trevor, mkulu wake wa malemu, atanyamula chigubu cha petulo. Ndinathamangira komweko.

"Adada, tabwerera chimene chadya mng'ono wanga," anatero Trevor.

"N'kamota ka wailesi chabe, mwana wanga. Aphunzitsi awa akudziwa."

Ndinayesa kufotokoza za mabatire, koma mawu anga anamira m'phokoso. Mayi Towera analumphira pakhonde n'kusolola kamunthu kawo m'bogi, ndipo enanso anachita chimodzimodzi, aliyense kubisa kake m'thumba. Trevor anamasula chitsekero cha chigubu. Fungo la petulo linafika pakhomo pamene a Mercy anaima, atafumbata chitenje pakamwa.

A Sichali anayang'ana akazi awo, anayang'ana denga laudzu la khitchini.

"Lekani moto. Ndiswa ndekha."

Anatenga hamala, nagwada, n'kuika injini pamwala. Anaimenya koyamba, inangobonyoka pang'ono. Anamenyanso, n'kumenyanso. Utoto unasupuka, mawilo anapindika, koma mowotcherera monse munakana kumasuka.

"Mwaona? N'chokhwimira!" anakuwa wina kumbuyo, ndipo gulu linasendera pafupi.

Pamenepo ndinaona nkhalamba ija ikupempha ndi maso kuti ntchito ya manja ake iphwanyike msanga. Thukuta ndi misozi zinasakanikirana pachibwano. Atamenya ndi mphamvu zawo zonse, injini inang'ambika pakati, kamota n'kugubuduzika mpaka pamapazi a Trevor. Trevor anakayang'ana kanthawi, natseka chigubu, ndipo anthu anayamba kubalalika.

Ndinawagwira mkono a Sichali kuti adzuke. Anali atafumbatabe kachidutswa ka lata.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "ndinawotcherera bwino mopitirira. Ikanandiphetsa."