Tchuthi Chimene Njinga ya Amalume Inandivomera

Pakhomo la nyumba yathu ku Ngong, kufupi ndi Nairobi, panali sipulingi yachikasu, yaikulu ngati kapu ya tiyi, imene amayi ankatchingira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Mphepo ya ku Ngong ilibe ulemu, imalowa m'nyumba osaodira. Alendo a kutchalitchi akabwera ankaifunsa sipulingiyo, ena kuiyesa ya galimoto, ndipo amayi ankangoti, "Zidole za mlongo wanga izo." Koma ine ndinaiona isanakhale chotchingira chitseko. Ndinaiona ili pakati pa njinga ya amalume, ikugwira ntchito imene ndikaikumbukira lero thupi limachitabe tsemwe.

Amalume anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Anabwera ku Nairobi kudzaphunzira za makina pa yunivesite, ndipo ankakhala ndi anzawo ku Buruburu. Chaka chimenecho, tchuthi cha Ogasiti chitayandikira, anasamukira kwathu ndi chikwama chimodzi ndi njinga. Ine anandiuza kuti amalume m'mimba mukuwavuta. Dzina lenileni la matendawo, khansa ya m'matumbo, ndinadzalimva nditakula. Chimene ndinkadziwa n'chakuti sukulu zikamatsegulidwa amalume akwera ndege kubwerera ku Malawi, ndipo njinga ipita nawo.

Njingayo sinali ngati za kabaza zimene ndinkaziona tikapita kwathu ku Zomba. Inali yolemera, matayala ake onenepa, chishalo chili pansi, ndipo pokwera mtunda inali yaulesi kwabasi moti amalume ankachita kuikankha. Anaigula kwa mzungu wina wa ku Spring Valley amene ankachoka m'dziko. Ntchito yake inali imodzi yokha: kutsika phiri.

Loweruka loyamba ananditenga. Tinaikankha njinga mpaka kumtunda, kumene kuli makina akuluakulu opukusa magetsi ndi mphepo, mapiko ake akudula nkhungu ndi phokoso lakuti vuu, vuu. Kunkanunkhira udzu wonyowa ndi ndowe za ng'ombe za Amasai. Anandiimika pamwala wina pakati pa njira, nati ndisasunthe, iwo n'kupitirira kukwera. Ndinadikira mpaka makutu anazizira. Kenako ndinamva miyala ikugubuduka.

Anatulukira mu nkhungu ataimirira pa mapedulo, mawondo atapinda pang'ono. Njira inali ya miyala ndi mizu ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, yoti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza. Tayala lakumbuyo linkavina, kukwera n'kutsika mofulumira moti maso sankatha kulitsatira, sipulingi yachikasu ija ikufinyika n'kutambasuka. Koma mutu wa amalume sunkagwedezeka ngakhale pang'ono. Akanatha kusenza ndowa ya madzi osataya dontho. Atafika pa chitunda anauluka, thambo n'kuonekera pansi pa matayala onse awiri, ndipo potera njinga sinadumphe, inangokhala pansi ngati nkhuku ikukhalira mazira, n'kupitirira. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndinali ndisanaonepo munthu akugwa kuchokera m'phiri mwadala, mwadongosolo, akumwetulira.

Madzulo ake ndinapempha kuti nane nditsike. Amayi anakana asanamve n'komwe mathero a pempho langa. "Mwana wamkazi mmodzi yemweyu, ukufuna undithyolere?" anatero kwa amalume. Amalume anati, "Achemwali, musavutike, njinga ikana yokha." Anandikweza pachishalo pakhonde, atagwira mahandulo, nandiuza kuti ndiimirire pa mapedulo. Sipulingi sinasunthe. Ndinadumphadumpha, koma inangogwedera pang'ono ngati ikundiseka.

Pamenepo ndi pomwe anaika lamulo. Chitsulo cha kumbuyo chimene chimameza mabampu, chokhala ndi sipulingi ija, chimene iwo ankachitcha shoko, chimayenera kutsika gawo limodzi mwa magawo atatu munthu akangokwera. Chikapanda kutsika chotero, tayala silimamatira pansi, ndipo mwala woyamba umamuponya munthu kutsogolo. "Njinga iyi ndaitchuna pa thupi langa, ndipo sindisintha kanthu chifukwa cha iwe," anatero. "Tsiku limene idzakutsikire, ndiye kuti yakuvomera." Amayi anayang'ana miyendo yanga yangati bango, naseka, navomera lamulolo. Anali otsimikiza kuti apambana.

Ndinayamba kudya. Ine amene kale ankachita kundikakamiza, tsopano ndinkamaliza chapati changa n'kuyang'ana cha ena. Githeri, chimanga chophika pamodzi ndi nyemba chimene ndinkadana nacho, ndinayamba kuchipempha ndekha. Mbale ya amalume nthawi zambiri inkatsala yodzaza, ndipo ankaikankhira kwa ine mwakachetechete amayi akatembenuka. Ndinkaona ngati tili pa chiwembu chimodzi.

Patapita masiku angapo amalume anabwera kuchokera mtauni ndi kabokosi. Munali shoko ina, yakuda, yopanda sipulingi, yongofanana ndi tochi yonenepa. Imeneyi inali ya mpweya. Ndinadabwa, chifukwa ndinali nditawamva kangapo akukangana ndi anzawo a ku Kenya pansi pa phiri, iwo ali kumbali ya sipulingi mpaka kutuluka thukuta. Ankati sipulingi ilibe chinyengo: momwe yayambira pamwamba ndi momwe imathera pansi, siitentha, siitopa, ndipo imamva ngakhale kamwala kakang'ono. Ankati ya mpweya ndi yopepuka inde, koma pa mtunda wautali imatentha n'kuyamba kuuma mtima. Anzawo ankawayankha kuti sipulingi ndi katundu wolemera wa anthu okalamba. Tsono lero amalume omwewo anali kumasula sipulingi yawo ndi manja awo.

Nditawafunsa anati, "Sipulingi imadziwa munthu mmodzi yekha, wa sikelo imodzi. Munthuyo akasintha, iyo sisintha, uyenera kukagula ina. Mpweya umamvera." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Lero ndikamakumbukira yankho limenelo ndimadabwa kuti munthu angathe bwanji kunena zoona zonse poyera chotero, mwana n'kumva za njinga basi.

Shoko yatsopanoyo sanaikonde momwe inabwerera. Anati anaipangira azungu olemera, ndipo yofunika kuitsegula. Anayala manyuzipepala pa tebulo lodyera, amayi ali kuntchito, naikhuthula mafuta ake mu kambale. M'kati munali timbale tachitsulo topyapyala kuposa chikhadabo, tosanjikizana tatikulu ndi tating'ono. Anatiyala pamzere. Anandionetsa kuti shoko ikafinyika, mafuta amakankha timbaleto kuti tipinde, ndipo kuuma kapena kufewa kwa njinga yonse kumachokera pamenepo. Anachotsa kamodzi, nasinthanitsa tiwiri. Ankatopa msanga, ndiye ankapuma kaye, n'kuyambiranso. Nyumba yonse inanunkha mafuta mpaka madzulo, ndipo amayi atafika anatikalipira tonse awiri. Ine sindinamve n'komwe kukalipako. Mutu wanga unali pa kachitsulo kamene ndikanatha kukameza osadziwa, koma kankalamula momwe munthu angaterere kuchokera m'mwamba.

Panalinso timabatani tiwiri topotokola, kofiira ndi kabuluu. Kabuluu kankalamula kufinyika, kofiira kubwerera. Amalume ankapotokola atatseka maso, akumvetsera kulira kwake kwakuti ke, ke. Kofiira kakatseguka kwambiri, njinga inkamenya theche ngati bulu. Kakatsekeka kwambiri, shoko inkachedwa kudzuka, bampu lachiwiri n'kuipeza idakali chigonere. Ankatsika kamtunda kamodzi komweko, kupotokola kamodzi, kukweranso, kutsikanso, mpaka ine kutopa ndi kuonerera. Ndikadandaula ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loweruka lililonse m'mawa tinali ndi mwambo wathu pakhonde. Pa ndodo ya shokoyo panali kamphete ka labala kosonyeza pamene yatsikira, ndipo amalume anali atajambula kamzere pamalo oyenera. Ankakwera iwo poyamba, ine nditagwira mahandulo. Akatsika ankayang'ana kampheteko, n'kulumikiza kapampu kakang'ono kokhala ndi kawotchi koyezera mpweya, n'kutulutsa mpweya pang'ono, psii. Ankakweranso mpaka kamphete kafike pamzere. Kenako inali nthawi yanga. Mlungu uliwonse kamphete kanga kankasendera kufupi ndi mzere, ndipo ndinkathamangira kukhitchini kukauza amayi. Sindinadzifunsepo chifukwa chake kapampuko sikanapopepo mpweya ngakhale tsiku limodzi, ntchito yake inali kutulutsa kokha.

Chakumapeto kwa tchuthi amalume anasiya kutsika phiri lonse. Ankati aphunzitsi abwino sathamanga, amaonerera. Anandiphunzitsa pa msewu wafumbi wa kuseri kwa nyumba: kuimirira, kugwira mabuleki ndi chala chimodzi, kuyang'ana kumene ndikufuna kupita osati mwala umene ndikuuopa. Iwo ankakhala pa chitsa atavala majuzi awiri. Koma mwambo wa Loweruka sanausiye, ngakhale kuti tsopano kukwera pachishalo kunkawatengera nthawi.

Loweruka lomaliza amayi anali pakhonde pomwepo akuyanika zovala. Amalume anakwera, natsika, natulutsa mpweya, nakweranso. Ndinakwera ine, ndinaimirira pa mapedulo, ndipo ndinamva njinga ikumira pansi panga mofatsa ngati matiresi. Ndinatsika mosamala kuti ndisaigwedeze. Kamphete kanali pamzere penipeni. Ndinakuwa mpaka agalu a aneba anauwa. Amayi anabwera, nawerama, nayang'ana kampheteko nthawi yaitali. Anayang'ana amalume. Kenako anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba, malaya onyowa ali paphewa. Ndinaganiza kuti akulirira miyendo yanga.

Koma anatuluka atavala nsapato zoyendera, nati lamulo ndi lamulo. Anaitana galimoto ya bokosi ya bambo wina wa kumsika, tonse n'kukwera mpaka kumtunda. Kunalibe nkhungu tsiku limenelo. Mbali ina chigwa chinatambalala mpaka kumene maso amalekera, mbali ina nyumba zazitali za Nairobi zinkaoneka ngati timabokosi ta machesi. Amalume anandimanga helemeti yawo, nakokera lamba mpaka kumapeto. Mnyamata wina wachimasai amene ankaweta ng'ombe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pole pole," kundichenjeza kuti ndipite pang'onopang'ono. Amayi ndi amalume anatsika phiri pagalimoto ija kukandidikira pansi.

Za kutsikako ndilibe mawu okwanira, ngakhale ndayesa kwa zaka zambiri. Miyala yoyamba inandiopsa. Ndinaiona ikubwera, yosongoka, ndinadikira kuti indimenye m'mawondo ndi m'mano, koma sinafike. Ndinkaimva ikudutsa pansi panga, shoko ikupuma fuu, fuu, tayala litamamatira nthaka ngati likuiwerenga. Phiri lonse linkagwedezeka, ine ndekha ndili phee pakati pake. Mphepo inandichotsa misozi m'maso n'kuipititsa m'makutu. Pa chitunda chija sindinauluke, ndinagwira buleki, koma ngakhale apo matayala ananyamuka pang'ono, ndipo kwa kamphindi dziko linakhala chete. Ndinamva chimwemwe choopsa, chonga chimene munthu amamva nyimbo ya kutchalitchi ikafika pamwamba penipeni.

Pansi ndinawapeza atakhala kumbuyo kwa galimoto, amalume atatsamira paphewa la amayi. Ndinagwetsa njinga n'kuthamangira kwa iwo. "Ndakula! Amalume, ndalemera ngati inu!" Anaseka mpaka kutsokomola, nandigwira dzanja ndi zala zawo zozizira. "Wandipeza, mwana wa achemwali," anatero. Amayi anayang'ana kuchigwa.

Amalume ananyamuka mkati mwa mlungu wotsatira, njinga itapakiridwa m'katoni. Lolemba lake sukulu inatsegulidwa. Ndinatenga siketi ya yunifolomu ndili wokonzeka kuti ikana kumangika, mwinanso amayi andigulira ina. Inamangika pa batani lomwe lija la kale, mpata wa chala n'kutsalanso. Ndinapita kukhitchini nditakwiya, n'kufunsa amayi kuti chapati chonse chija chinapita kuti, popeza njinga inanena yokha kuti ndalemera. Amayi anandikonza kolala, nandiuza kuti ndifulumire, matatu, minibasi ya ku Kenya, indisiya. Ndinayenda mpaka pa siteji ndikuganizabe kuti siketiyo ndi yabodza. Sizinandifikire m'mutu kuti tchuthi chonsecho ine ndinali pomwe ndinali, ndipo amene ankasendera Loweruka lililonse, mpaka kudzafika pa sikelo ya mwana wa sukulu, anali amalume.