Kabuku Kachinayi Kanabwera Kowonda

Ndinalowa chikamwini kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja, ndili munthu wosadziwa madzi. Kwathu n'kumtunda, kumene matemba tinkawaona atauma kale. Tsiku limene alamu anga anandikweza bwato ku Kachulu, ndinagwira nsungwi ngati ndikufuna kugwetsa mango, bwato n'kumangozungulira m'udzu wa njedza, iwo ali gada ndi phwete. Mono ndikatchera ndinkapezamo achule. Khasu nalo silinkandikonda kwenikweni. Chimene ndinali nacho chinali chimodzi chokha: ndinaphunzirako ku mishoni ndipo ndinkawerenga mosadodoma.

Zaka zimenezo kunkatuluka timabuku ta Chinyanja totsatizana, tonena za mnyamata wina amene anasiya mayi ake n'kupita kukafuna ntchito kunja. Wogula nsomba wina wa Chiyao, amene ankapalasa njinga kupita ku Zomba ndi dengu la matemba, ndiye ankatibweretsera. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu n'kumawerengera anthu. Ankabwera ndi Asilamu omwe, ena atanyamula maukonde awo kuti azisoka akumvetsera. Mnyamata uja akaberedwa, amayi ankawomba m'manja ndi chisoni. Akanama kwa kapitawo, madoda ankaseka mpaka kutsokomola. Pa maola amenewo palibe ankakumbuka za achule anga, ndipo kunena zoona ndinkadzimva.

Apongozi anga aakazi sankakhala pagulupo. Mwambo sunkalola kuti ine ndi iwo tipenyane kapena kulankhulana, choncho ankayala mphasa kuseri kwa mpanda wa udzu, pafupi kwambiri moti ndinkamva akamasenda mtedza. Akafuna kufunsa kanthu ankatuma mkazi wanga. “Amayi akuti kodi kumeneko kumazizira?” “Amayi akuti kodi odwala amawasamala ndani?” Poyamba ndinkayesa mafunso wamba. Kenaka mkazi wanga anandiuza za mchimwene wake wamkulu, amene anapita ku Halale ine ndisanabwere pamudzipo, n'kuchona. Kalata ayi, uthenga ayi. Apongozi sankamutchula, koma pamene mnyamata wa m'buku ankadwala, kuseri kwa mpanda kunkangoti zii, mtedza osamvekanso.

Buku lachitatu linathera pokoma. Mnyamata uja anali atamanga katundu, tikiti ili m'manja, phazi limodzi lili kale pa sitima yobwerera kwawo. Anthu anaimirira ngati awona mvula yoyamba. Mkazi wanga anabwera n'kugwada: “Amayi akuti kodi afika?” Ine, pokhala ndinali nditakhuta kutamandidwa, ndinayankha mokweza kuti mawu alumphe mpanda okha. “Kawauzeni kuti buku likubwerali afika basi. Akapanda kufika, mundimete mpala.” Sindinkanama ayi, ndinkakhulupiriradi. Munthu wakwera kale sitima angalephere bwanji kufika?

Tinadikira dzinja lonse, msewu wa ku Zomba uli matope okhaokha. Mpunga utayamba kucha, wanjinga uja anatulukira. Mabuku akale ankabwera atamangidwa pakaliyala, koma ili analitulutsa m'thumba la malaya. Ndinalibe mpata wolisuzumira. Pamudzipo panali lamulo limene anandiikira ataona kuti ndikawerengeratu ndekha nkhope yanga imaulula nkhani isanafike: buku likabwera, linkamangidwa ndi luzi n'kukasungidwa m'dengu la apongozi mpaka Lamulungu. Iwo kuwerenga sankadziwa, koma dzanja limene lapeta mpunga moyo wonse silinamizika. Mkazi wanga anabwerako n'kunena kuti, “Amayi akuti lapepuka.” Ndinayankha kuti munthu akamafika kwawo sachulutsa mawu. Pakamwa panga ine!

Lamulungu limenelo kunadzaza. Ena anasiya ana okha akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga. Madoda ena anawoloka kuchokera ku chilumba cha Chisi, atamva kwa asodzi kuti lero mtchona alowa m'mudzi. Ndinamasula luzi, n'kuona kuti zilembo zake n'zikuluzikulu ngati za ana oyamba sukulu, ndipo tsamba lathunthu lathera chithunzi cha sitima. Ndinayamba kuwerenga. Mnyamata uja anakhala pafupi ndi mkulu wina wa mpingo, ndipo mkuluyo anayamba kumulangiza za kuipa kwa mowa. Analangiza, nalangiza. Ndikatembenuza tsamba, akadalangizabe. Chala changa chakumanja chinkamva kuti masamba otsala akutha, pamene sitimayo inali isanawoloke ngakhale mtsinje umodzi.

Ndinayamba kukoka mawu ngati mlaliki wa pamaliro. Ndinatsokomola, ndinapempha madzi, ndinabwereza ndime ina ngati ndaphonya. Sizinathandize. Sitima inaima pa siteshoni ina kumene anthu amatsika kudikira inzake, mnyamata anakhala pa katundu wake, ndipo pansi pake panalembedwa kuti zotsala zidzamveka m'buku lotsatira. Chifukwa cha mantha ndinapitiriza kuwerenga tsamba lomaliza, pamene panali mayina a mabuku ena ogulitsa, a nyimbo ndi a kaweteredwe ka nkhuku. Anthu anamvetsera mwaulemu, kuyesa kuti mwina mnyamata akuwerenga chikwangwani cha pasiteshoni. Nditatseka kabukuko, mthunzi wa mango unali usanasunthe n'komwe.

“Pitirizani, akamwini,” anatero mmodzi wa madoda a ku Chisi.

“Kathera pomwepa, bambo.”

“Asa! Ife kupalasa madzi onse aja kudzamva ulaliki wa mowa? Tabweretsani kuno.” Anakalandira n'kukakutumula ngati akufuna kuti masamba ena agwe. Wina kumbuyo anati mwina ndang'amba apakati n'kupichirira fodya, chonsecho fodya sindinamulaweko chibadwire. Mlamu wanga wamng'ono anafunsa ngati pali amene wabwera ndi lumo, ndipo anthu anaseka, koma chinali chiseko chouma. Mayi wina anadzuka akukutumula chitenje, nati bola akanakhala kumunda, mbalame zamudyera mpunga chifukwa cha munthu wokhala pasiteshoni.

Ndinapsa mtima ndi wolembayo, ndipo mpaka lero ndikamukumbuka ndimapsabe mtima. Iye anali kutali, atakhala pampando, osadziwa kuti mawu ake kuno ali ndi nkhope, ndipo nkhopeyo ndi yanga. Akanangomufikitsa mwana wa eni pakhomo, ngakhale wopanda sutikesi, akanataya chiyani? Koma mkwiyo sunachotse manyazi. Amene analonjeza sanali wolemba. Ndinakhala chogwada pamphasa, maso ali pansi, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi popanda wotsanzika. Kuseri kwa mpanda sikunamveke kanthu, ndipo kumeneko n'kumene makutu anga onse anali.

Onse atapita, mkazi wanga anabwera ndi madzi osamba m'manja ndi mbale ziwiri zovindikira. Ndinadabwa, popeza nkhomaliro tinali titadya kale. Atavundukula, ndinaona mpunga watsopano, wonunkhira, ndi nkhuku, nthutumba ndi chiwindi zili pamwamba monga amaikira mlendo wochokera kutali.

“Amayi anapha tambala wawo m'mawa,” anatero chapansipansi. “Amati munthu akafika asapeze pakhomo pali zii.”

Ndinasowa pothawira. Ndikanakonda andimetedi mpala pamaso pa mudzi wonse. Ndili chikhalire choncho, udzu wa mpanda unachita phokoso, ndipo ndinamva mawu amene anali asanalunjikepo kwa ine chilowereni pamudzipo. Apongozi sanatume munthu.

“Bambo.”

“Wawa, mayi.”

“Mwati wafika pati?”

“Ali pasiteshoni, mayi. Akudikira sitima ina.”

“Nanga chofunda ali nacho?”

Ndinatsegulanso kabukuko, ndipo ndinafufuza tsamba ndi tsamba ngakhale ndinkadziwa kuti mulibe. Lilime linafuna kunena kuti ali nalo bulangete, lalikulu, latsopano. Koma lilime lomwelo ndi limene linaphetsa tambala.

“Bukuli silinanene, mayi.”

“Chabwino,” anatero. Ndinamva akupinda mphasa. “Idyani, bambo, izizira. Yaphedwa kale.”

Ndinasamba m'manja n'kudya nkhuku ya mwana wawo, iwo ataima kuseri kwa mpanda kudikira mbale.