Zilombo Zopanda Maso za Liao Chun-sheng

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Ine ntchito yanga ndi yogulitsa mankhwala m'sitolo ina kuno mumzinda wa Tainan, ndipo aka n'koyamba kulemba zoti anthu ena awerenge. Ndime ino yokha ndaifufuta kangapo. Koma nkhani ya mnzanga wa kuntchito, Liao Chun-sheng, yakana kundichoka m'mutu.

Chun-sheng ndi bambo wofatsa, amene nkhalamba zobwera kudzagula mankhwala a mawondo zimamukonda chifukwa sazifulumizitsa. Khumbo lake pamoyo linali limodzi: kuopseza munthu. Ngakhale mmodzi yekha, kamodzi kokha.

Chaka chilichonse Okutobala akafika, ojambula a pa intaneti amapangana kujambula chilombo chimodzi tsiku lililonse, cha mtundu wa m'mafilimu oopsa, mpaka pa Halowini, chikondwerero cha zinthu zoopsa cha tsiku lomaliza la mweziwo. Chun-sheng analowa nawo kalekale. Akaweruka ankakhala pa tebulo lodyera ndi tabuleti yake, kakompyuta ka m'manja kojambulira, n'kumalimbana ndi mano, zikhadabo ndi malovu. Akaika chithunzicho pa intaneti, ndemanga zinkabwera zomwezomwezo. "Kokongola bwanji kanthuka." "Kodi kalipo ka chidole? Ndikufuna kugulira mwana wanga." Iye ankathokoza aliyense mwaulemu, kenako n'kukagona osadya.

Chaka chatha mayi ake anathyoka mwendo, n'kusamukira kunyumba kwake. Madzulo a tsiku loyamba la Okutobala anamupeza akujambula chinthu cha manja asanu chikukwawa kutuluka m'ngalande.

"A-sheng, chimenecho usachiike maso m'nyumba muno."

"Amayi, n'chithunzi chabe ichi. Chili m'makina."

"Nanga milungu ya kukachisi si mitengo chabe? Koma wansembe akangoikhudza m'maso ndi utoto, imadzuka. Iwe ufuna kudzutsa zingati mwezi uno, ine mwendo uli chonchi? Ndithawa bwanji?"

Chun-sheng anaphunzira sayansi ku yunivesite ndipo zoterozo sazikhulupirira. Koma sakhulupiriranso kuti pali munthu amene angatsutsane ndi mayi ake n'kupambana. Pamalo pa maso anangopakapo nyama yosalala, n'kutumiza chithunzicho pa intaneti.

Kutacha, ndemanga zinali zachilendo. "Sindinagone." "Chotsa ichi iwe, ndimadya." Wina anachita kumutukwana. Chun-sheng anafika kuntchito mano ali mbee, n'kundionetsa mawu otukwanawo ngati satifiketi, ndipo tonse anatigulira tiyi wamkaka.

Mwezi wonse zinapita chomwecho. Omutsatira anachuluka. Wolemba wina wa zaluso ananena kuti zilombo zopanda masozo zikudzudzula anthu a masiku ano amene safuna kuona choonadi. Chun-sheng sanatsutse.

Komabe funso limodzi linkamudya: kodi choopsacho chinali luso lake, kapena lamulo la mayi ake? Pa tsiku la Halowini anatenga tabuleti kupita nayo kuntchito, pakuti lamulo linati "m'nyumba muno". Nthawi ya nkhomaliro anabisala kuseri kwa makatoni n'kujambula maso ofiira, a mitsempha yotupa, oipa kuposa onse amene anawaganizapo. Anatumiza. Ndemanga yoyamba sinachedwe: "Kabwereranso kathu kokongola kaja."

Atafika kunyumba, mayi ake anangomuyang'ana kamodzi.

"Waika maso, eti?"

"Ndaika, Amayi. Koma kuntchito."

"Chadzuka?"

"Chadzuka."

"Tabwera nacho kuno."

Anavala magalasi, n'kuchiyang'anitsitsa chilombocho nthawi yaitali.

"Maso ndi ako omwe awa, mwanawe. Chikuoneka ngati chifuna kundifunsa ngati ndamwa mankhwala."

Mwendo unachira, ndipo mayi aja anabwerera kwawo. Chaka chino palibe womuletsa Chun-sheng, koma maso sakuikanso. Ophunzira zojambula akamufunsa chifukwa chake, amayankha motsitsa mawu kuti ndi mfundo imene anaifikira pambuyo poganiza mozama kwa zaka zambiri.

Pano ndinali nditakonza ndime ina yaitali, yofotokoza phunziro la nkhaniyi, popeza ine chizolowezi changa n'kufotokoza chilichonse kawiri, ngakhale kamwedwe ka mankhwala a chimfine. Ndimeyo ndaifufuta, ndipo ulendo uno sindiilembanso. Kuyambira lero, pena ndizisiya osaikapo maso.