Nthambi ya msawu ku Degue

Nditachoka ku Angónia kudzagulitsa batata ku Tete, msana wanga unapindika ngati chikwakwa. Tsiku lonse ndinkakhala chowerama pa mulu wa batata, madzulo n'kusenza thumba kubwerera ku Degue. Mphini ananditema, mankhwala ndinapaka, koma ayi ndithu.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala bambo wina wachisilamu, woyendetsa kamyao, chigalimoto chonyamula malasha ku Moatize. M'mawa uliwonse ankalendewera pa nthambi ya msawu atatsinzina, kenako n'kuwerama pang'onopang'ono mpaka zala kukhudza pansi. Ine ndinkati ndi mapemphero a kwawo, moti ndinkazimitsa wailesi n'kumayenda monyang'ama. Miyezi itatu yathunthu!

Tsiku lina anandifunsa, "Mayi, kodi wailesi ija inafa?"

Nditawauza chifukwa chake, anaseka mpaka kutsokomola. "Kupemphera ndimapempherera m'nyumba. Panotu ndimakoka mitsempha, chifukwa mpando wa kamyao umamupinda munthu. Bwerani mugwire apa. Musalimbane nalo thupi, muzingopuma, lizitamuka lokha."

Zinandinyansa kuti ndinadzimana nyimbo pachabe, komabe nthambi ija ndinaigwira. M'mapewa munawawa ngati mukung'ambika, kenako munapepuka. Patapita masabata angapo ndinayamba kuona nkhope za ogula, osati mapazi awo okha.

Bambo aja anasamuka kalekale ndisanawathokoze mokwanira. Masiku ano ndikamadzikoka pa mtengo wa kuseri kwa msika, amayi anzanga amatsitsa mawu, ati ndikupemphera. Sindiwatsutsa.