A Anyezi ndi Maso Awo

Tinkawatchula kuti a Anyezi, koma chakumbali. Anali aphunzitsi athu a bayoloje ku sekondale, ndipo m'thumba la jekete lawo simunkasowa anyezi ndi lezala. Ankasenda kakhungu kopyapyala, n'kukaika pagalasi, n'kudonthezapo ayodini. Maikulosikopu inali imodzi yokha, choncho tinkandanda ngati pachipatala.

"Waona chiyani, mwanawe?"

"Njerwa, aphunzitsi."

"Njerwa zamoyo zimenezo, ndiwo maselo. Nanga kadontho kali m'katimo?"

Tili fomu 3 tinazindikira kuti maso awo akutha. Ankagunda madesiki, ndipo tsiku lina analemba pamwamba pa zimene anali atalemba kale. Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Iwo anangoika choko pansi.

"Sekani, koma mutchere khutu. Phunziro la lero ndine."

Anaitana mtsikana wina wolemba bwino kuti ajambule banja lawo pabolodi, iwo akufotokoza. Agogo awo aamuna, bambo a mayi awo, anamwalira osaona. Mayi awo ankalowetsa okha ulusi pasingano mpaka kukalamba, komabe ananyamula jini ya matendawo pa kromozomu X, n'kupatsira mwana wawo wamwamuna.

"Ndiye mumawakwiyira mayi anu?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndiwakwiyire chifukwa chiyani? Si omwewo anandipatsa mano okongolawa? Palibe kholo limene limasankha chopatsira mwana. Inenso jiniyi ndamupatsa mwana wanga wamkazi."



Ntchito sanaisiye msanga. Akazi awo ankawawerengera mayeso athu mokweza, iwo n'kumanena malikisi. Pa maikulosikopu ndiye anafika povuta zedi. Ukangoti "ndaona selo", ankakubweza.

"Ine sindiona, iwe. Khoma lake n'lochindikala bwanji? Madzi ali mbali iti? Ndiuze mpaka ndilione."

Tinaphunzira kuyang'anitsitsa chifukwa choopa kubwezedwa.

Atapuma pantchito ndinakawachezera. Ndinawapeza pakhonde atafungatira mdzukulu wawo wakhanda, mnyamata, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi uja. Ndinachita manyazi kufunsa, koma anayamba okha.

"Mwina watenga, mwina ayi. Mwayi wake ndi theka. Mayi ake akudziwa, azipita naye kwa dokotala wa maso."

Kenaka anamusisita khandalo pamphuno ndi chala, n'kuseka.

"Koma mphunoyi ndi ya apongozi. Kwathu kulibe yotere."