Foni ya Alamu ndi Khadi la Chimanga

Ndine ndinayambitsa zonsezi. Ndinenetu poyambirira, chifukwa ku Mposa alipobe anthu amene amati alamu anga ndi a pakamwa poipa, chikhalirecho munthu uja ngakhale nkhuku amaipepesa akaiponda.

Chinali chaka chija mvula inadula chimanga chisanamasule, tikudya mango owiritsa mpaka mano kuchita dzanzi. Ine ndinali mnyamata wa Folomu 3. A bungwe lina anabwera ndi chimanga cha thandizo, koma pa makhadi ankalemba dzina la mkazi, ati abambo akalandira thumba limathera ku kachasu. Kwathu khadi linali la achemwali anga. Amuna awo, alamu angawo, anali mkamwini pakhomo pathu. Ankapalasa kabaza ku Balaka n'kumabwera Loweruka.

Anali ndi foni ya tachi yosweka galasi pakona, ndipo anali mu gulupu ya ana a kwathu: anyamata a ku Joni, a ku Balaka, ndi amayi ogulitsa matemba pa Boma. Alamuwo ankangowerenga, osalembamo kanthu. Loweruka lina anandituma kukaitchajitsa pa sola kwa aphunzitsi. Panjira ndinaona abambo a mu gulupumo akudandaula za makhadi, chala n'kundiyabwa. Ndinalemba kuti:

"Amuna anzanga, tisanamizane. Kale tinkakwatira nkhope, chaka chino tikukwatira khadi. Mkazi ndi chogwirira chabe. Wanga akangosiya kulandira, ndikusaka wina wa matumba awiri."

Ndinaseka ndekha mpaka kutsamira mtengo. A ku Joni anaponya tinkhope toseka tambirimbiri. Wina anati, "Wa kabaza walankhula lero!" Koma amayi a matemba sanaseke. Mmodzi anajambula mawu ake aataliatali, kuyamba m'Chichewa, kumalizira m'Chiyao, ndipo ku Chiyaoko n'kumene kunali moto. Mnyamata wina anati, "Ndi nthabwala chabe, amayi, musaluse." Anamuyankha kuti adzaseke bwino ataima pamzere kuyambira m'mamawa, mwana ali kumbuyo.

Ndinafufuta zonse m'foni ya alamu, kuiwala kuti m'mafoni a ena zikadalimo. Lolemba alamu anabwerera ku Balaka osadziwa kalikonse. Lachitatu uthenga uja unawerengedwa pa mjigo, mokweza, achemwali ali pomwepo ndi chidebe chawo.

Kwathu mkamwini sathamangitsidwa ndi mawu ambiri. Amangopeza katundu wake ali panja. Loweruka alamu atafika anapeza mphasa, pampu, wailesi ndi chikwama cha zovala zili pakhonde.

"Amake mwana, kwagwanji?"

"Kasakeni wa matumba awiri," anatero achemwali, osawayang'ana n'komwe.

"Matumba a chiyani?"

"Funsani foni yanu. Si ndine chogwirira ine? Pitani mukagwirire kwina."

Mayi wina woyandikana nafe anawaonetsa uthengawo pa foni yake. Alamu anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Iyayi! Ine kulemba zonsezi? Ndi zala izi?"

"Nambala ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, koma..."

"Basitu."

Amayi athu anati aitane ankhoswe. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, kuluma malaya kuti kuseka kusamveke. Kenaka ndinaona alamu akumangirira mphasa pa njinga. Kwawo ndinkakudziwa, kumeneko ankadya gaga kamodzi patsiku. Kamwana kawo kanali katagwira pampu, kakuikokera m'nyumba. Apo ndiye ndinatulukira.

"Achemwali, ndinalemba ndine."

"Iwe, usawaikire kumbuyo."

Ndinaima chilili ngati pa asembule n'kulakatula uthenga wonse, liwu ndi liwu, mpaka pa matumba awiri paja. Ndivomere kuti ndinaulakatula mokoma kwambiri. Achemwali anandikhoma lichero m'mutu. Alamu anakhala pansi, n'kupumira m'mwamba.

"Alamu, mukanandiphatu inu," anatero kwa ine.

Kenaka anandinong'oneza, "Koma a ku Joni anaseka?"

"Anafa nazo."

Lichero lachiwiri linagwera iwo. Koma pampu inalowa m'nyumba, mphasa n'kutsatira.

Chilango changa anagamula ndi amayi a mu gulupu aja. Tsiku lolandira chimanga ndinaima nawo pamzere kuyambira m'mamawa, chitenje m'chiuno, nkhata m'manja. Aliyense akalandira, ine kusenza thumba pamutu mpaka pakhomo pake, n'kubwerera kukatenga lina. Anandijambula thumba litandipinda khosi, n'kuponya mu gulupu ndi mawu akuti, "Chogwirira chathu chatsopano." A ku Joni omwe aja anaseka kuposa poyamba. Atsikana a m'kalasi mwathu ankandiimbira nthungululu m'njira, ine n'kumadzigwedeza nacho chitenjecho.

Khosi linauma sabata yathunthu. Koma amayi a kwathu satha kutulutsa munthu wowasenzera katundu ali chimanjamanja, ngakhale akhale wolangidwa. Apa kachigumu, apo timatemba tiwiri, kwina chikho cha thobwa, akundipatsa uku akunditukwana. Chaka chonsecho palibe tsiku limene ndinakhuta ngati limenelo.

Pa khomo lomaliza ndinapukuta pakamwa n'kufunsa mwaulemu ngati mwezi wamawa adzandilangenso.