Makandulo pamutu pa Rozina

Disembala wapitayu ndinali pantchito kunyumba yosamalira okalamba ku Alexandria, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndinkamwetsa phala agogo ena ochokera ku Sweden. Magetsi a m'khonde anazima. Kunatulukira atsikana ovala zoyera akuimba, wapatsogolo atasenza makandulo. Anali a mabatire. Ndinasiya supuni m'mbale n'kukalowa m'chipinda chochapira. Ndinakhala pakati pa makina mpaka nyimbo itatha.

Inu adzukulu anga a ku Greenbelt mumadziwa kuti kwathu ndi ku Malawi. Ku Malawi ndinachita kufikako. Ndinabadwira ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Nkhondo inandipeza ndili mnyamata wokonza njinga, wosadziwa kulemba dzina langa.

Pafupi ndi mudzi wathu panali kachipatala. Namwino wake anali mzungu wa ku Sweden. Tinkangowatcha a Sisita. Ankasowa kwawo. Anatiuza kuti kumeneko mu Disembala dzuwa limangosuzumira, ndiye pa tsiku lokumbukira Lusiya Woyera mtsikana amavala zoyera, amasenza makandulo oyaka, n'kukapatsa anthu mabanzi m'mamawa. Anafuna kuti odwala athu aone zimenezi. Anasankha mlongo wanga Rozina, yemwe anali asanathe msinkhu.

Chisoti choikamo makandulo ndinapanga ndine, ndi masipoko akale a njinga. Chinkaterereka. Ndinachimangirira ku tsitsi lake ndi waya wa buleki.

A Sisita anamuphunzitsa kayendedwe kake: pang'onopang'ono, manja pamodzi, osatembenuka, kuopa phula lotentha. Kunyumba ndinkamuyesa. Ndinkamenya chitini kumbuyo kwake, akatembenuka n'kumamuseka. Pofika tsikulo anali atasiya kutembenuka.

Kunali kutangocha. Pansi panali ponyowa ndi mvula. Amayi anaima pakhomo la chipinda cha odwala atanyamula lichero la mabanzi achikasu. Rozina anatuluka m'nyumba ya a Sisita, anzake akumutsatira pamzere. Moto wa makandulo unaima chilili.

Mfuti inalira cha kumsika. Kenako zinalira zambiri. Atsikana enawo anabalalika. Odwala amene anali ndi mphamvu anatulukira pa mawindo.

Rozina anapitiriza kuyenda pakati pa bwalo. Manja pamodzi, maso kutsogolo. Ankaimbabe.

Amayi anali kumanja kwanga. Ankaitana dzina langa. Rozina anali kumanzere. Anthu a mfuti anatulukira kuseri kwa chipatala, mbali ya amayi. Ndinathamangira kumanzere.

Nditamunyamula, makandulo anapendekeka. Tsitsi linagwira moto. Ndinakoka chisoti chija, waya anakana. Ndinazimitsa motowo ndi zikhatho tili chithamangire, mpaka tinagwera m'munda wa eni.

Chimanga chinali cha m'mawondo, chosabisa munthu. Diresi loyera linkaoneka patali. Tinagona pakati pa mizere ndipo ndinalipaka matope, kuyambira m'khosi mpaka m'munsi. Fungo la tsitsi lopserera linali paliponse. Ndinkaopa kuti atipeza ndi fungolo. Rozina sanalire. Anali chafufumimba, khosi lili gwa.

"Achimwene, nditembenuke tsopano?"

Ndinamuuza kuti ayi.

Tinakwawa mpaka kumtsinje n'kulowa m'bango. Wayayo ndinamudula ndi mano. Dzino lakutsogolo linabenthuka. Chisoticho ndinachikwirira m'matope chifukwa masipoko ankang'anima.

Dzuwa lili pamutu, amuna anadutsa pamwamba pathu akukusa mbuzi za m'mudzi mwathu. Mmodzi ankaimba likhweru. Wina anaima n'kutaya madzi m'bango lomwelo. Linthumbu linali litakwera miyendo ya Rozina. Ndinkaliona likuluma. Mwendo wake sunagwedezeke.

Madzulo tinakumana ndi mayi wina atabereka mwana, atasenza mtondo. Sindidziwa chifukwa chake anatenga mtondo. Anatiuza kuti njira ili ndi mabomba okwirira, tiziponda pamene paponda ng'ombe basi. Tinayenda chowerama, tikusaka mapazi a ng'ombe. Pamene sankaoneka tinkaima. Ine ndinkaponda poyamba, Rozina n'kuponda m'mapazi mwanga. Zikhatho zanga zinali zitatuluka matuza, ndiye ankandigwira malaya.

Tinagona m'thengo. M'mawa mwake tinafika pamsewu wa tala. Mayi uja anati tsidya lake ndi Malawi. Panalibe mpanda kapena msilikali. Kutsidyako anthu ankagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi. Basi inadutsa ikuimba wailesi. Tinawoloka tikuyang'anabe pansi, ngakhale pa tala sipaoneka phazi la ng'ombe.

Mayi wina wogulitsa tomato anameta Rozina ndi lezala n'kumupatsa duku lake. Sanatifunse kalikonse.

Tinakhala m'mbali mwa msewuwo masiku ambiri, tikuyang'ana aliyense wotuluka m'minda. Anzake a Rozina anafika, kupatula mmodzi. A Sisita anafika pa lole ndi odwala ena. Atationa anakhala pansi pamsewu pomwepo. Sanakhalitse, anabwerera kwawo. Ife aboma anatitengera ku kampu ya othawa nkhondo, kumene ndinaphunzira kulemba ndili ndi ndevu kale, nditakhala pakati pa tiana.

Amayi sanafike.

Rozina ali ku Ntcheu, ali ndi adzukulu akeake. Mbali ina ya mutu wake tsitsi silinamerenso. Timaimbirana foni Lamlungu ndikachoka kutchalitchi. Amandifunsa za kuzizira kwa kuno, za mawondo anga, ngati inu mwayamba kuyankha m'Chichewa. Tsiku lija iye ankayang'ana kutsogolo, ndiye sanaone pamene amayi anaima. Mpaka lero sanandifunsepo.